Mawu Khumi a Achimwene Tage

Malemu achimwene anga, a Tage Brännvall, anabadwa pa 9 Febuluwale 2002 ku Lycksele, kwa bambo Sixten ndi mayi Annelie Brännvall. M'banja mwathu tinabadwa awiri. Wachiwiriyo ndine, Majken, ndipo mbiriyi ndikuwerenga ine chifukwa amayi ndi ababa andituma. Abusa andiuza kuti ndisatalikitse. Ndiyesetsa.

Malemu anayamba kutsetsereka pa ayisi ali ndi zaka zitatu, kuseri kwa nyumba yathu, pomwe ababa ankathira madzi ndi paipi kuti aundane, akaweruka konyamula mitengo. Azakhali a Berit amati anadziwa kugwira ndodo ya hoke, masewera a pa ayisi aja, asanadziwe kugwira supuni, ngakhale azakhaliwo amanena zambiri.

Sukulu anayamba mu Ogasiti 2009. Tisanamizane pamaliro, masamu sankawakhoza. Koma mutu wawo sunkataya kanthu. Manambala a magalimoto onse a mumsewu mwathu ankawadziwa pamtima. Amayi popita kogula zinthu sankalemba papepala, ankangowauza achimwene.

Mu 2018, ali ndi zaka 16, anasankhidwa kupita kusukulu ya hoke ku Älvhamn. Kumeneko anakumana ndi a Tindra Öhman, amene ankagulitsa masoseji pabwalo la masewera. Akuti malemu anadya masoseji sabata zitatu asanalimbe mtima kufunsa dzina. Anavekana mphete mu Juni 2022, ndipo ukwati ukanachitika Julayi akubwerayu. Ena ankanong'ona kuti akuthamangira chifukwa cha pathupi. Bodza limenelo, ndipo amene analiyambitsa akudzidziwa.

Mu Epulo 2022 timu ya akuluakulu ya ku Älvhamn inawalemba ngati wosewera kutsogolo, pa kontirakiti ya chaka chimodzi, jezi nambala 47. Pokhala wamng'ono pa onse, ankawatchula Kamwana, ndipo ndiwo ankatolera timipira akamaliza kukonzekera ndi kunyamula zikwama za anzawo kupita nazo m'basi. Sankadandaula. Chigoli chawo choyamba anamwetsa pa 14 Okutobala 2022. Anzawo anakakulunga kampirako ndi tepi n'kulembapo tsiku, monga mwa mwambo, ndipo ndi kamene kali pabokosipo. Pofika Khirisimasi anali atamwetsa zigoli zisanu ndi ziwiri, anthu a kuno n'kuyamba kunena kuti mwanayu adzawoloka nyanja kukasewera kunja.

Tsopano ndibwerere m'mbuyo pang'ono, pakuti kalata imene timu inatilembera yangoti inali ngozi yosayembekezereka. Amayi akuti ndinene zonse.

Mu Ogasiti chaka chilichonse, masewera asanayambe, dokotala wa timu amayeza mitu ya osewera ikadali bwinobwino. Amawerenga mawu khumi, iwe uwabwereze, kenako uime ndi mwendo umodzi utatsinzina. Zimene wapeza amazisunga, kuti tsiku limene wagundidwa mutu adzakuyezenso n'kufananiza. Ukapeza zochepa, susewera mpaka utachira.

Malemu ali pamzere wodikira kuyezedwa, mnzawo wina wamkulu anawakokera pambali. Mnzawoyo ali muno, wavala jezi ngati enawo, koma amayi andiletsa kutchula dzina. Anawauza kuti, "Iwe Kamwana, usakaonetse nzeru mmenemo. Ukanena onse khumi lero, tsiku lomwe adzakuphwanye udzakhala pabenchi mwezi wathunthu, malo ako n'kutenga wina. Nena asanu ndi limodzi, udzandirekonso pang'ono. Tonsefe timatero."

Achimwene ananena asanu ndi limodzi. Patatha sabata zitatu anabwera kunyumba, ndipo tili patebulo anatifotokozera nkhaniyi akuseka, n'kutchula mawu onse khumi aja motsatana osaphonya. Ababa anaseka mpaka kukhosomola. Nanenso ndinaseka. Amayi okha anangoti, "Zimenezo ndi nzeru?"

Loweruka pa 21 Januwale 2023, akuthamangira kampira pakona, anagundidwa chakumbuyo, mutu n'kumenya chipupa cha bwalo. Anadzuka okha. Dokotala anawayeza, ndipo anakumbukira mawu asanu ndi limodzi. Ulendo uno sankanamizira, ndi okhawo amene anatsala m'mutu. Dokotala anayang'ana pepala la mu Ogasiti, n'kuona kuti zikufanana, ndipo patatha masiku owerengeka anawalola kusewera. Banja lathu silikumuda dokotalayo. Anawerenga zimene anapatsidwa.

A Tindra ndiwo anaona zenizeni. Malemu ankatseka makatani masana, dzuwa lathu laling'ono la nyengo yozizira lomweli. Ankasanza m'mawa. Tsiku lina anaika mkaka mu kabati ya nsapato. A Tindra anawachonderera kuti akanene kwa dokotala, koma iwo anati, "Kwatsala masewera asanu ndi atatu basi. Ndikakhala pansi pano, kontirakiti ina sandipatsa, ndibwerera kukanyamula mitengo ndi ababa. Ndidzapuma mu Epulo, amayi a kunyumba, osadandaula."

Pa 29 Januwale anandiimbira foni kundifunsa tsiku lobadwa la amayi. A Tage, kufunsa tsiku! Nditawafunsa kuti chavuta n'chiyani, anati, "Kamlomo iwe, mutu ukungondipweteka pang'ono. Ukakawauza amayi, ine ndi iwe chibale chatha." Nonse mukundidziwa, ine nkhani siigona m'kamwa mwanga. Za aphunzitsi athu ndi mkazi wa kupositi uja ndinafalitsa ndine. Koma chinsinsi chimodzi ichi ndinasunga. Amayi ndawauza bokosi litatsekedwa kale.

Loweruka pa 4 Febuluwale masana anagundidwanso. Sikunali kugunda koopsa, woimbira sanaimbe n'komwe wezulo. Malemu anatsetsereka okha mpaka pabenchi, anakhala pansi, anavula chisoti, n'kugwera pamwendo pa mnzawo. Anathamangira nawo kuchipatala chachikulu kumene anawachita opaleshoni. Madokotala anati ubongo unali usanapole pa kugunda koyamba kuja, ndiye unatupa. Sanatsegulenso maso. Anatisiya Lachiwiri pa 7 Febuluwale 2023, kutatsala masiku awiri kuti akwanitse zaka 21. Keke amayi anali ataitanitsa kale.

Malemu asiya bambo awo a Sixten, mayi awo a Annelie, mlongo wawo mmodzi, bwenzi lawo a Tindra, agogo a Folke amene alephera kubwera chifukwa cha miyendo, azakhali a Berit ndi ana awo atatu.

Banja likuthokoza anamwino amene analola a Tindra kukhala pambali pawo masiku atatu onse, abusa, bambo Ulf amene achotsa chipale chofewa panjira ya kumanda ndi thirakitala yawo, ndi amayi a mumpingo amene akonza khofi ndi buledi mu holo. Tikatuluka muno nonse mupite kumeneko. Tikuthokozanso timu chifukwa chobwera ndi basi yonse.

Anyamata a timu, ndinu munyamule bokosi, amayi avomera. Zikwama zanu anakunyamulirani chaka chonse, lero ndi inu. Nkhata yanu ya maluwa taiona, ndi yaikulu kuposa zonse. Koma amayi akuti chimene akufuna kwa inu si maluwa. Ogasiti akubwera, mudzaimanso pamzere uja, ndipo padzakhala Kamwana wina. Amene akukumbukira khumi, anene khumi.

Achimwene Tage, Epulo munkanena uja simunafike. Pumulani tsopano, mzimu wanu uuse mumtendere.