Nthaka Yakwera pa Khomo la Mackson

Mayi wina wa ku yunivesite anachenjeza kawiri konse, chala chili m'mwamba, kuti chitsulo cha ngodya zitatu chimene anachimanga kuseri kwa nyumba ya Mackson, wosamalira maluwa pa loji ina ku Chintheche, munthu asachisunthe ngakhale pang'ono. Satelayiti ikamadutsa kumwamba imaponyapo mafunde ake, mafundewo n'kubwerera, iwo ku ofesi n'kudziwa ngati nthaka yakwera kapena yatsika. Mackson ndi mkazi wake anagwedeza mitu ngati amva.

Patatha mwezi ndi theka, masana mvula itangokata, Mackson anapeza mkazi wake Idesi akumanga mtolo wachitatu, mwana ali kumbuyo.

"Iii, kwagwa maliro?"

"Agwa mawa. Werengani." Idesi anamupatsa foni imene Mackson anaiiwala pa mpando. Munali uthenga wochokera kwa mayi wa ku yunivesite uja. "Akuti nthaka ya pano yakwera. Koyamba masentimita 7, kachiwiri 14, lero 21!"

Mackson anayang'ana pansi. Anapondaponda ndi chidendene.

"Ili pompaja ndinaisiya m'mawa."

"Mungaione bwanji ndi inu omwe mukukwera nayo? Ine jogalafe ndinakhoza, bambo a Wongani. Tili m'chigwa chong'ambika ife. Chivomezi cha ku Karonga chija mwaiwala?"

"Ku Karonga sindinapiteko."

"Chitseko sichikutsekeka!"

"Chafufuma ndi mvula."

"Madzi m'ndowa apendekeka!"

"Ndowayo munaikhalira ndinu, inapindika."

"Nanga mpweya? Kuyambira m'mawa ndikungopuma mwabefu. Tili pamwamba, mpweya wachepa!"

"Mwanyamula mphasa, mtondo ndi mwana nthawi imodzi, amayi."

Idesi anamanga mfundo ndi mano. Iye anali atawerengetsera kale: pakutha pa chaka nyumba idzakhala itakwera mamita awiri, Wongani akadzayamba kuyenda adzagwa kuchokera pakhonde ngati papaya.

"Ine mwana wanga sakulira pa phiri. Ndikupita kwa amayi ku Limphasa. Kumeneko n'kwa mpunga, nthaka yake imadziwa malo ake."

"Ine sindisuntha. Anandipatsa ntchito yosamala chitsulo, ndipo ndachisamala kuposa maluwa a abwana. Tiyeni mukaone nokha."

Anazungulira nyumba, Idesi akuponda monyang'ama ngati pansi pali mazira. Chitsulo chinali mbee, chopukutidwa bwino, udzu wolambulidwa mozungulira. Mackson anatambasula manja monyadira.

"Mwaona? Dzimbiri ngakhale kadontho."

Idesi sanayang'ane chitsulocho. Maso ake anali pa miyendo imene chinaimirapo.

"Bambo a Wongani. Izo n'chiyani?"

"Njerwa."

"Ndaona kuti ndi njerwa! Zikutani pamenepo?"

"Zikugwira ntchito ya njerwa. Kuno kunyanja chinthu chamtengo wapatali sichikhala pansi nthawi ya dzinja. Filiji ya ku loji ili pa njerwa. Jenereta ili pa njerwa. Thumba lanu la ufa wa kondowole lili pa chiyani?"

"Anachimanga ndi mabawuti!"

"Anayi. Olimba zedi. Ndinachita kubwereka sipanala."

"Yesu wanga!"

"Mvula yoyamba, madzi anafika m'miyendo, ndinaika mzere umodzi. Yachiwiri inaposa, ndinawonjezera. Sabata yatha munaiona nokha mvula ija."

Idesi anagwada, mwana akulendewera, n'kuyeza njerwa imodzi ndi zala. Anayeza yachiwiri. Atafika pa yachitatu anakhala pansi m'matope, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, Wongani naye n'kuyamba kuseka osadziwa nkhani.

"7, 14, 21! Mayo ine, nthiti zanga! Chivomezi ndakwatiwa nacho ine, ndimachiphikira tsiku lililonse!"

"Chikuseketsani n'chiyani? Chinthu cha eni chili chouma."

"Munawerenga uthenga wonse, ada?"

"Munandilanda foni ndisanamalize."

Idesi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuwerenga pang'onopang'ono ngati mphunzitsi: "Zoterezi sitinazionepo. Tifika mawa 8 koloko ndi magalimoto awiri, akuluakulu ochokera ku Lilongwe, atolankhani, ndiponso anzathu awiri amene akwera ndege dzulo kuchokera kunja. Tauza kale abwana anu."

Mackson anasuzumira pa foni.

"Ndege?"

"Ndege."

"Kudzaona njerwa zanga?"

"Zowotcha bwino, musadandaule."

"Ndizichotsa. Pompano. Sipanala ija ili pati?"

"Chotsani. Koma akuti satelayiti idutsanso lero. Mawa adzapeza kuti Chintheche yatitimira masentimita 21 tsiku limodzi. Pamenepo ndiye abwera ndi asilikali."

"Ndiye ndizisiye?"

"Zisiyeni, azipeze."

Mackson anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe kanthu koma khwangwala mmodzi. Anavula chipewa, n'kuchivalanso. Idesi anadzuka, mtima uli m'malo koyamba tsiku lonse, n'kulowa m'nyumba akuimba nyimbo ya kwaya. Anayamba kumasula mtolo woyamba.

Dzanja la Mackson linagwira mfundo.

"Musamasule. Minibasi yoyamba ya ku Limphasa imadutsa 4 koloko, kusanache. Apongozi ndawasowa kwambiri."

"Aaa! Si inu mumati nthaka sinasunthe?"

"Nthaka sinasunthe, mayi a Wongani. Tisuntha ndife."