Kabudula wa a Binali

Lamulungu masana, m'kachipinda kawo ka lendi ku Doornfontein, mumzinda wa Joni, a Ambrose, telala wa pafakitale ya maovololo, anaima chotsamira khoma chifukwa mwendo wamanja sunkawalola kukhala pansi. Loweruka anayenera kukwera basi ya masiku awiri kupita ku Chiradzulu ku ukwati wa mwana wawo Veronika, ndiye akazi awo a Elina anali atayala mphasa, m'manja muli pepala la zithunzi lochokera kwa dokotala wowongola msana.

"Gonani apa, bambo a Vero."

"Sindigona dzuwa lili paliwombo."

"Pepala lanena katatu pa tsiku. Lero simunayambe n'kamodzi komwe."

"Pepala la munthu wosamva! Ine ndikumuuza kuti ukuwawa ndi mwendo, iye n'kundigoneka chafufumimba, n'kumandikanda msana ngati ufa wa mandasi. Kenako khwaa! Ndinkayesa wandithyola."

"Paja anafotokoza. Mtsempha wake umachokera m'chiunomu, n'kutsika mpaka kuphazi. Ukapanikizika kumtunda, umakalirira kumunsi."

"Ndiye nsapato ikang'ambika tizisoka chipewa?"

A Elina anatembenuza pepala lija, nayang'ananso kuseri. "Za chipewa sanalembe."

"Eishi."

"Vulani buluku. Nayu kabudula."

"Kabudula? Wa yani?"

"Ndabwereka kwa a Binali, aneba athuwa. Taonani munthu wa pachithunziyu, wavala kabudula."

"Ine, mkulu wa mpingo, tate wa mkwatibwi, kabudula wa Binali! Mwawauza kuti ndi wa chiyani?"

"Ndawauza zoona. Kuti mukufuna kukweza miyendo m'mwamba."

A Ambrose anagwira kumutu. "Mayo ine! Pofika mawa nyumba yonseyi ikhala itamva."

"Ndabwerekanso lumo."

"Lumo la chiyaninso?"

"Munthuyu alibe tsitsi."

"Chimenecho n'chojambula chabe, mayi a Vero! Alibenso makutu. Mundidula makutu?"

A Elina anayandikiza pepala kumaso, nafinya diso. "Khutu limodzi lilipo. Linalo mwina waligonera."

"Basi, zakwana. Ine ndachira kale. Taonani."

Anadziponya pampando molimba mtima. Asanapume n'kawiri komwe anadzambatuka ngati wakhalira linthumbwi, dzanja lili pathako.

"Ndawerenga mpaka sikisi," anatero a Elina modekha. "Mukaimirira m'basi kuchokera ku Park Station mpaka ku Mwanza?"

"Ndikaimirira!"

"Chabwino. Mukalephera musadandaule, Vero sasowa womuperekeza kuguwa. Mlongo wanga anaimba foni dzulo, akuti suti ali nayo kale."

Kunja kunkangomveka mahutala a mataxi. Pang'onopang'ono a Ambrose anagwada, nagona pamphasa, buluku lili m'thupi.

"Suti ya uja ndinasoka ndine," anang'ung'udza. "Tiyeni, nenani zanuzo."

"Mwapendekeka. Mnzanu wa pachithunzi wagona chagada, mowongoka."

"Simentiyi ndi yopendama."

"Si simenti, ndi chikwama chanucho. Dokotala anati chichoke m'thumba lakumbuyo. Akuti mumachikhalira tsiku lonse pa makina."

"Ichi chokha ayi! Ku Joni munthu ndi mapepala. Apolisi akandiimitsa pamsewu ndiwaonetsa mtsempha?"

"M'nyumba muno mulibe apolisi. Ndasesa m'mawa, ndikanawaona."

A Ambrose asanayankhe, a Elina anapisa dzanja nachizula. Chinali chonenepa ngati theka la buledi, chomanga ndi mphira.

"Aa-aa! Pasipoti. Pemiti. Pemiti ina yakutha. Khadi la ubatizo. Tikiti ya basi imene munabwerera. Mabatani asanu ndi awiri..."

"Ndi a ntchito amenewo!"

"Zaka khumi mukukhalira njerwa, bambo, mwendo n'kumangopirira. Kokerani bondo pachifuwa. Mpaka sate. Wanu, thuu, firii... Mwetulirani."

"Ndichite chiyani?"

"Munthuyu akumwetulira."

A Ambrose anaonetsa mano onse kudenga, ngati mutu wa nkhosa wowotcha wa pa renki ya mataxi.

"Osati choncho, muopseza anthu. Tsopano phazi ili likhale pa bondo linalo. Kokani."

"Iii! Mayi a Vero, ukudukatu!"

"Anati ukakoka pang'ono ndi bwino, ukabaya tisiye. Ukukoka kapena ukubaya?"

"Ukukoka," anavomera monyinyirika.

Atamaliza zithunzi zonse zinayi anadzuka thukuta lili kamukamu, nakokera mpando kuti akalipe bwino.

"Tsono mundimvere. Kwathu agogo anga analima mpaka tsitsi lonse mbuu, sanagonepo pansi kupalasa m'mwamba ngati mphemvu yogudubuzika. Mwendo ukawawa, ankatema mphini, basi. Lero mzungu ajambule kamunthu kopanda makutu, mkazi wanga n'kukasandutsa m'busa! Ndipo mlongo wanuyo mumuuze kuti suti ija mapewa ake ndinachita kubisa ndine, chifukwa... Kodi mukunong'ona chiyani?"

"Ndikuwerenga. Ndafika pa mazana atatu."

"Mazana atatu a chiyani?"

"Mwakhala pansi, bambo a Vero."

A Ambrose anayang'ana mpando. Anasuntha thako uku, nasunthanso uko, ngati munthu woyesa mlatho wa mitengo.

"Ukuwawabe?"

"Ukuwawa... koma chapatali. Ngati galu wouwa kutsidya kwa mtsinje." Anatambasula dzanja. "Tandipatsani pepalalo."

Analiwerenga mosamala, chala chikutsata mzere. "Katatu pa tsiku. Tsiku lililonse."

"Eya, mpaka Lachisanu. Loweruka tili pa ulendo."

"Lachisanu alemba pati? Loweruka ndichita m'basi, pakati pa mipando. Kachiwiri pa Beitbridge, pamzere wodinditsa pasipoti."

"Aa! Pagulu? Basi imeneyo mumadzaza anthu akwathu, amayi a mvano, apongozi a anthu! Mkulu wa mpingo miyendo m'mwamba? Ayi, bambo, zimenezo ndakana. Ndakanitsitsa!"

A Ambrose anapinda pepala lija bwinobwino, naliika m'thumba la malaya pamodzi ndi pasipoti, nasisitapo kawiri.

"Za anthu sanalembe. Kulungani mphasayo ikwere nafe. Ndipo kawauzeni a Binali kuti kabudula wawo amuona tikabwerako ku ukwati."