Tizikho ta pa mapolo a telegalafu tinawayankhulitsa bambo anga

Ndine mayi wa ku Rivirivi, m'boma la Balaka. Bambo anga ankagwira ntchito yokonza mawaya a telegalafu m'mbali mwa njanji. Atadwala sitiroko anasiya kuyankhula. Ankangokhala pakhonde, maso ali kumsewu, ngakhale zidzukulu osaziyankha.

Tsiku lina ndikulima pafupi ndi njanji, khasu linafukula kachikho kagalasi kobiriwira, kamene kale kankakhala pamwamba pa polo kugwira waya. Ndinakatsuka n'kukaika pamkeka pa bambo kuti azingoseweretsa.

Anakatembenuza, n'kulowetsa chala m'kati. Kenaka ndinamva mawu: "Aka n'kakale. Taona mazinga ake, sanaphwanyike."

Ndinakhala pansi pafupi nawo. "Ababa, mwati chiyani?"

"Tagalasi n'tosowa," anatero pang'onopang'ono. "Tambiri tinali tadothi toyera."

Nkhani inamveka m'mudzi monse. Anthu anayamba kubweretsa tizikho timene anatola, ena kuchokera ku Ulongwe. Shehe wina anapereka kamene ankapsinjira mapepala. Palibe amene anapempha kanthu. Bambo amatenga kamodzikamodzi, amawerenga zilembo zake, amapatula tong'aluka, n'kutiuza kamene kali kosowa. Mawu amatuluka movutikira, koma amatuluka ndithu.

Munthu wina wa m'tauni anabwera kuti agule tonse. Ndisanayankhe, bambo anapukusa mutu: "Iyayi."

Inu nonse amene munayenda mtunda kudzatipatsa tizikhoti, Mulungu akudalitseni. Dzulo bambo anandiitana ndi dzina langa, akufuna kansalu kopukutira tizikho tawo.