Alongo Anga Amene Munawatuma ku Wailesi

Malemu amene tikuwaperekeza lerowa anabadwa pa 9 Meyi 1960, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yosokera zovala ya bambo athu. Anali achiwiri kubadwa m'banja la ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo, chitsiriza m'banjamo, malume wa ana amene akhala kutsogolo kunowa. Akubanja anandipempha kuti ndilembe mbiri yaifupi komanso yofatsa. Kufupikitsako ndayesetsa. Kufatsako kwandikanika, ndipo abusa mundikhululukire.

Malemu anayamba sukulu m'chaka cha 1967. Akaweruka ankakhala pambali pa makina a bambo n'kumasokerera mabatani, ndipo bambo ankati mwa ana onse ndi iwo okha amene dzanja silinkanjenjemera pogwira singano. Anamaliza sekondale mu 1978, analowa sukulu ya unamwino mu 1979, ndipo mu 1982 anayamba ntchito ku wodi ya ana. Mu Ogasiti 1985 anamanga banja ndi alamu anga, mphunzitsi wa masamu, amene anatsogola m'chaka cha 2011. Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi.

Mu 1991 anawasamutsira ku ntchito ya katemera wa ana. Anamwino ena ankanyengerera ana kuti jakisoni sapweteka. Malemu ankakana zimenezo. Ankamuyang'ana mwana m'maso n'kumuuza kuti zipweteka pang'ono kenako zitha, ati mwana ukamunamiza kamodzi sadzakutambasuliranso mkono. N'chifukwa chake ambiri a inu mumawadziwa ndi dzina loti amayi a Zipweteka. Mu 2004 anawakweza kukhala oyang'anira chipinda chosungira katemera, chipinda chopanda zenera, cha mafiriji asanu ndi awiri. Juzi yawo inkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko ngakhale nthawi yotentha. M'mawa ndi madzulo ankayendera firiji iliyonse n'kulemba kazizidwe kake papepala lomata pachitseko. Anagwira ntchito imeneyo zaka khumi ndi zisanu, ndipo anapuma mu 2019.

Anapumadi, koma kwa kanthawi. Mliri uno utavuta, pa 11 Januwale chaka chino anawaitana kuti akakhale nawo m'komiti yokonza kagawidwe ka katemera m'dziko muno. M'komitimo munali anthu khumi ndi anayi, ophunzira kwambiri, koma amene anabayapo anthu pamzere tsiku lathunthu anali iwo okha.

Mundilole ndifotokoze chimene ankakangana, chifukwa ambiri munamva mbali imodzi. Katemera woyamba anafika pa 2 Febuluwale, ndipo anali wochepa. Katemerayu amafunika kubayitsa kawiri, ndipo pepala la opanga linkati kachiwiriko kakhale pakatha masabata anayi. Ena m'komiti ankati titsate pepalalo, tibaye anthu ochepa koma kawiri, atetezeke mokwanira. Malemu ankati ayi, tibaye okalamba ndi ogwira ntchito m'zipatala onse kamodzi, kachiwiri tidikire masabata khumi ndi awiri pamene katemera wina adzakhale atafika. Ankati sangayang'ane agogo awiri pamzere n'kupatsa mmodzi kawiri, winayo n'kumubweza chimanjamanja.

Amene ankatsutsana nawo kwambiri anali dokotala wina wa matenda a m'chifuwa. Iye ankati katemera winayo akachedwa, tidzakhala ndi anthu ambiri otetezeka mwatheka. Ine ndine dalaivala wa basi, sindingaweruze kuti analondola ndani. Dokotalayo ali pakati pathu pano, ndipo banja lilibe naye mangawa. Ankakangana nawo maso ndi maso, akatuluka n'kumwera limodzi tiyi.

Mkwiyo wathu uli pa akuluakulu amene anali ndi mphamvu yosayina chigamulo. Mbali zonse ziwiri zinamaliza kufotokoza m'masiku atatu. Koma cholembera chinalemera. Lero ati tidikire lipoti, mawa ati wapampando wapita ku msonkhano wina, mkuja ati tione kaye mmene maiko ena achitire. Ndionetsetse anathetsa nkhosa. Masabata asanu athunthu katemera ali m'firiji, anthu akufa m'mawodi. M'masabata amenewo munamwalira anamwino awiri amene malemu anawaphunzitsa okha ntchito. Anapita ku maliro onse awiri, ndipo pobwera ku achiwiriwo sanadye masiku awiri.

Pa 9 Malichi chigamulo chinasayinidwa, chotsatira maganizo a malemu. Itafika nthawi yokauza mtundu wa anthu pa wailesi, akuluakulu onse aja anatanganidwa mwadzidzidzi. Anatuma mayi wamasiye wopuma pantchito. Pa 12 Malichi malemu anakhala maola awiri akuyankha mafoni. Sanabise kanthu. Ananena kuti katemera ndi wochepa, kuti kudikira kuli ndi chiopsezo chake, komanso kuti iwo anali mmodzi mwa amene anapempha kuti zikhale choncho. Kuyambira tsiku limenelo chigamulo cha anthu khumi ndi anayi chinasanduka cha munthu mmodzi. Kunamveka mphekesera yoti katemera wachiwiri amugulitsa. Wina analemba ndi makala pa geti yawo kuti wakupha. Mayi amene ankawagulitsa ndiwo kwa zaka zambiri anayamba kuyang'ana kumbali akamadutsa. Ena mwa amene munkanena zimenezo mwabwera, ndakuonani, ndipo sindikutchulani.

Sindikutchulani chifukwa nanenso ndili m'gulu lomwelo. Mayi a kunyumba kwanga amadwala shuga. Anabayitsa koyamba pa 16 Malichi, ndipo masabata anayi atakwana ndinapita kwa alongo anga. Ndinawapeza akusita pakhonde. Ndinawauza kuti makiyi a chipinda chosungira katemera chija ali ndi anthu amene iwo anawalera pantchito, angonena mawu amodzi, kabotolo kamodzi katuluke. Anaika simbi pansi n'kundiyankha kuti, "Achimwene, kabotolo kameneko kali ndi eni ake, kungoti inu simukuwadziwa maina." Ndinawalalatira. Ndinawauza kuti alamu awo akafa, magazi adzakhala pamutu pawo. Ndinamenyetsa geti, ndipo sindinapondekonso pakhomopo kwa miyezi yoposa iwiri.

Pa 26 Epulo malemu anapita kukayendera chipinda chawo chakale, ndipo anapeza kuti timabotolo tina tikutuluka popanda makhadi ake. Atafufuza anapeza kachipinda ka pamwamba, ka makatani otseka, kumene akuluakulu ena, akazi awo, ana awo ndi anzawo ankalandira katemera wachiwiri pa masabata anayi enieni. Ena mwa iwo ndi omwe aja anasayina kuti mtundu wonse udikire masabata khumi ndi awiri. Ataona kuti agwidwa, anawauza malemu kuti apinde mkono wa bulauzi nawonso abayidwe, nkhani ithere pomwepo. Malemu anali atabayitsa kamodzi pa 15 Malichi, ataima pamzere ngati wina aliyense. Anakana. Ana awo mpaka lero sanamvetse chifukwa chake anakana, ndipo ine sindiwakakamiza kuti amvetse.

Analemba kalata yodandaula. Yankho linabwera pa 3 Meyi, lowathokoza chifukwa cha ntchito yawo ndi kuwapempha kuti akapume poganizira msinkhu wawo. Mu Januwale msinkhuwo sanauone.

Pa 7 Juni masabata khumi ndi awiri anakwana, koma katemera wina anali asanafike. Patapita masiku atatu ofesi ya akuluakulu aja inatulutsa chikalata chonena kuti inasocheretsedwa ndi malangizo a anthu ena amene salinso m'komiti. Dzina sanalembe, koma panalibe amene anafunsa kuti akunena ndani. Malemu atamva sanadzitsekere m'nyumba. M'mawa uliwonse ankavala yunifolomu yawo yakale n'kupita ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo, kumene anthu ankabwera ndi makhadi m'manja n'kubwezedwa. Anamwino achitsikana a pamenepo ankatukwanidwa tsiku ndi tsiku. Malemu ankaima pakhomo m'malo mwawo, kulandira matukwanowo, kufotokozera munthu mmodzimmodzi, ndi kulemba nambala za foni kuti adzawaimbire katemera akadzafika. Anati analonjeza ndi pakamwa pawo, ndiye anthu awapeze pomwepo.

Pa 21 Juni anayamba kutsokomola ndi kutentha thupi. Pa 25 Juni anawagoneka m'chipatala, mpweya ukuvuta. Amene anawalandira ndi kuwasamalira mpaka mapeto ndi dokotala yemwe uja ankatsutsana nawo. Ife sitinkaloledwa kulowa. Ndinaima kunja kwa zenera la wodi, namwino atawagwirira foni kukhutu. Ndinali nditakonza mawu opepesa. Iwo anayamba ndi kufunsa ngati alamu awo akumwa mankhwala a shuga pa nthawi yake, kenako chifuwa chinawagwira, namwino n'kudula foni. Katemera amene tinkadikira uja anafika pa 29 Juni. Malemu anatisiya Lachisanu pa 2 Julayi, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 61. Khadi lawo la katemera lili ndi chidindo chimodzi.

Dzulo ofesi ija inatumiza nkhata ya maluwa ndi pempho loti nthumwi yawo ipatsidwe mphindi khumi zolankhula pamwambo uno. Banja lakana. Akuluakulu, munali ndi masabata asanu olankhula. Munali ndi maola awiri pa wailesi. Munali ndi tsiku limene anthu analemba pa geti ya mayi ameneyu, ndipo pakamwa panu panali potseka. Lero khalani chete monga munazolowera. Maluwa anu ali kunja kwa mpanda, muwatenge pobwerera. Kalata imene malemu analemba pa 26 Epulo ana anasunga ina yofanana nayo, ndipo mlandu suola.

Malemu asiya ana anayi, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi, adzukulu asanu ndi mmodzi, mchemwali wawo mmodzi, ndi ine. Tikuthokoza adokotala amene anawasamalira, anamwino a wodi ya mliri, makamaka amene anagwira foni uja, abusa ndi amayi a mpingo, anzanga oyendetsa basi amene anyamula anamalira, ndi anansi awiri amene anatsuka geti ija ndi madzi a sopo osatumidwa ndi munthu. Anamwino a chipatala chaching'ono chija apempha kuti ndilengeze kuti kuyambira Lolemba akhala akuimbira onse amene malemu anawalemba nambala. Foni ikalira, pitani ndi khadi lanu. Musakane katemera chifukwa chokwiyira anthu amene anabayitsa kale kawiri.

Alongo anga, mawu amene ndinalephera kunena pazenera paja ndikunena pano, anthu onsewa akumva. Ndinalakwa, pepani. Alamu anu ali moyo, akhala apo. Mzimu wanu uwuse mumtendere. Mtenderewo ndikupempherera inu nokha. Amene anakuponyani pamoto aja akadzipemphere okha.