Dzanja la Bambo M'mananomita

Lachiwiri m'mawa, pasiteji ya basi, bambo wina ankakalipa yekha. Mayi amene anaima naye pafupi anafunsa chimene chavuta.

"Andithamangitsira mwana kusukulu, mayi, pomwe mayeso ndi mawa. Akuti ndi wabodza!"

"Wanama chiyani?"

"Aphunzitsi anauza ana kuti ayeze dzanja la kholo, kuyambira chala chachikulu mpaka chapakati, n'kusintha muyezowo m'mananomita, timiyezo ting'onoting'ono ta maatomu. Wanga anapeza mamiliyoni 120, ndiye kuti masentimita 12."

"Iii, bambo, limenelo ndi dzanja la kamwana! Lanu lingachepere masentimita 20?"

"Nanunso mwayamba? Taonani!"

"Mayo ine! Zala zinapita kuti?"

"Makina ochekera matabwa anadula. Ndikukaliika dzanjali patebulo pawo, ayeze okha ndi maatomu awowo!"

Basi inali isanafikebe.