Kompyuta Yovala Nkhata ya Maluwa

Pamzere wa kwa wokonza makompyuta ku Ritchie Street, mu Chennai, Thenmozhi anali atakumbatira kompyuta yake, nkhata ya maluwa ikadali pomwepo. Bambo wina waimvi kumbuyo kwake anamufunsa:

"Yatani, mwana wanga?"

"Ikugwira ntchito, amalume."

"Nanga pamzere pano ukutani?"

"Masiku anayi ndakhala ndikulimbana ndi dalaivala, kapulogalamu koti magemu azioneka pa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyutayi. Pa intaneti wina akuti ikani, wina akuti chotsani. Ine kuika, kuchotsa, sikirini ili bii! Mpikisano wa magemu uliko Loweruka, anzanga akudalira ine."

"Ndiye?"

"Dzulo, tsiku lodalitsa zipangizo, amayi anaizimitsa, kuipaka zonunkhira pamphumi, kuiveka maluwa, ati isakhudzidwe. Lero kuyatsa, gemu ikuthamanga bwinobwino."

"Basi, yakonzedwa ndi milungu."

"Kapena ndi zomwe ndinalemba komaliza, koma sindikuzikumbuka. Ndikufuna andiuze chaikonza n'chiyani. Ndikuopa kuti ndikangoizimitsa, siyakanso."

Bamboyo anayang'ana chingwe cha magetsi chikulendewera m'khwapa mwa Thenmozhi.

"Nanga pobwera kunoku, mwana wanga, wainyamula ikuyaka?"