Bogi ya malasha ya alamu

Kutatsala tsiku limodzi kuti mwana wawo achite chinkhoswe ku Evington, a Chiukepo anafika ku Loughborough ndi matumba opanda kanthu. Alamu awo a Gracian, amene akaweruka ku shifiti amakapenta mabogi pamalo osungira sitima zakale, anali atawauza kutchalitchi kuti akusamala bogi yathunthu ya malasha.

"Alamu, mbuzi ndagula kale, vani ndabwereka. Malasha aja ali kuti?"

"Bogi yake ndi iyi," anatero a Gracian, akuisisita. "Inkanyamula malasha oumba ngati njerwa. Ankatenga fumbi la malasha n'kusakaniza ndi phula."

A Chiukepo anasuzumira. "Iii! Mulibe kanthu!"

"Anatsitsa."

"Ndani? Si ndinakuuzani Lamlungu kuti ndikubwera?"

"Anatsitsa cha m'ma 1960."

"Ha! Munagulitsa ine ndisanabadwe?"

"Inenso ndinali ndisanabadwe."

"Ndiye mumasamala chiyani?"

"Bogi."

"Ya malasha?"

"Eya, ya malasha."

"Nanga malashawo?"

"Anatsitsa."

A Chiukepo anavula jekete, nakwera m'bogimo, nayamba kupala pansi ndi kiyi wa vani.

"Aaa, alamu! Chakudacho ndi penti! Ndapaka dzulo!"

"Penti amayaka?"

"Amayaka, koma nyama inganunkhe."

"Nanga matabwa awa?"

"Ouma bwino. Anakhomedwa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse isanayambe."

"Zikomo. Bwerekeni nkhwangwa."

A Gracian anagwira mutu. "Mukufuna kuwotcha mbiri?"

"Mbiri yanu! Akuchimuna akubwera mawa kuchokera ku Normanton, basi yodzaza. Ndiwapatse mbuzi yaiwisi, ndiwauze kuti adye mbiri?"

"Makala amagulitsa pasitolo paja."

"Ndikagule, mlamu wanga ali ndi bogi? Sinditsika muno mpaka malasha abwere!" Anakhala pa matumba, napinda manja.

"Chonde tsikani. Lero kuli chionetsero."

"Aonetse!"

Kenaka kunamveka gu! Injini ya nthunzi inali itakola mabogi. Pang'onopang'ono anayamba kuyenda, azungu a makamera akujambula.

A Chiukepo anadzambatuka. "Alamu! Ikupita kokatenga malasha?"

"Ayi. Ikungopita kuti anthu aione."

"Imitsani! Nditsike! Mbuzi ili m'vani!"

A Gracian anavula chipewa, misozi ili lengelenge, poona bogi yawo yanyamulanso kanthu.

"Pepani alamu," anakuwa, "imeneyo ndi sitima ya katundu. Katundu saimitsa sitima!"